Mtovu wa M'mphuno

Ndege ija ndinaigoneka chagada pa timitengo tiwiri tosongoka, ndipo nditachotsa manja, mchira unatsika pang'onopang'ono mpaka kukakhudza tebulo. Sunagwe mwaphokoso ayi. Unangotsika mwaulemu, ngati munthu amene akukana zimene wapemphedwa koma safuna mkangano. Unali usiku wa mu February, m'galaja yozizira kuno ku England, ndipo ndinali nditatha zaka ziwiri ndikumanga chinthu chimenechi: Spitfire, ndege ya nkhondo yachiwiri ya padziko lonse, ya mapiko otambalala mamita 2.25, kutanthauza kuti pa masentimita 5 alionse a ndege yeniyeni, ine ndinatengapo imodzi. Zonse zinali m'malo mwake. Utoto wobiriwira ndi wotuwa unali utauma, timitu ta misomali tongoyerekeza tinali titandandalika m'nthiti mwake, kachidole ka woyendetsa kali pampando, magalasi ali pamphumi. Ikanakhala yoika pashelefu, aliyense akanati yatha. Koma mchira unati ayi.

Ndinatenga zidutswa za mtovu n'kuyamba kusanjika pamphuno, chimodzichimodzi. Magalamu 200, mchira uli phee. Magalamu 400, unagwedezeka. Pa 600 unanyamuka pang'ono n'kubwereranso. Pamene ndege inkakhazikika bwinobwino, mphuno itawerama pang'ono ngati nkhuku imene yaona njere, pamphunopo panali magalamu 900. Pafupifupi kilogalamu yathunthu ya chitsulo chosagwira ntchito, pa ndege imene ndinkaipala usiku ndi usiku kuti ndichotse magalamu awiri apa, atatu apo. Ndinakhala pansi nditagwira tsaya.

Chimene ndinkasaka usiku umenewo ndi malo amodzi osaoneka ndi maso. Chinthu chilichonse chili nawo: pamene kulemera kwake konse kumakumana, pamene mutachinyamula ndi chala chimodzi sichipendekera uku kapena uko. Mayi wosenza mtolo wa nkhuni amawadziwa malowa popanda kuwapatsa dzina. Amasuntha mtolo pankhata mpaka khosi limuuze kuti basi, pomwepo. Omanga ndege zoyendetsa ndi wailesi amangoti CG. Pa ndege malowa amakhala pa phiko, chakutsogolo: mukagawa m'lifupi mwa phiko panayi, ali cha kumapeto kwa gawo loyamba, ndipo sayenera kupitirira gawo limodzi mwa magawo atatu. Pa pulani yanga panali kachizindikiro pa mamilimita 135. Ndege ya mapiko apansi monga Spitfire timaiyesa chagada chifukwa thupi likamalendewera kunsi kwa pamene mwagwira, limakhazikika n'kukuuzani zoona. Thanki ya petulo imakhala yopanda kanthu, pakuti ndi mmene ndege idzakhalire pobwera kudzatera. Ndipo ngati miyendo yake imapindikira kumbuyo, monga ya Corsair ndi P-40, muiyese itapinda, chifukwa matayala akalowa amakokera kulemera kumchira.

Pabwalo lathu loulutsirapo ndege achikulire amauza mlendo aliyense kuti ndege yolemera kumphuno imauluka moipa, koma yolemera kumchira imauluka kamodzi. Chifukwa chake si chozama kwambiri. Muvi umapita mowongoka popeza mutu wolemera ndiwo umatsogola, nthenga zikutsata. Mphepo ikaugwedeza, umadzibweza wokha. Ndege imene kulemera kwake kwatsalira m'mbuyo sidzibweza. Mphuno ikakwera pang'ono imapitiriza kukwera. Mukaitsitsa imapitirira kutsika. Chala chanu pawailesi chimafika mochedwa nthawi iliyonse, ndipo chilichonse chimene mukuchita pofuna kukonza chimawonjezera vuto.

Ine zimenezi ndinaziona ndisanaioneko ndege pafupi. Ndili mnyamata kwathu, tsiku lina ndinamanga ndekha thumba la chimanga pakaliyala ya njinga kuti ndipite kuchigayo, n'kulisiya litatulukira kumbuyo kwa tayala. Bambo anabwera, anagwira mahandulo ndi zala ziwiri zokha, ndipo tayala lakutsogolo linanyamuka ngati tsamba. "Mwanawe," anatero, "njinga iyi simvera iwe, imvera thumba. Masula, ulikokere kutsogolo." Thumba linali lomwelo, makilogalamu ake omwewo. Chinasintha ndi pamene linakhala.

Funso limene linandisowetsa tulo linali lina. Ngati ndinatsata maonekedwe a ndege yeniyeni mokhulupirika chotere, bwanji yanga ikukana kuima pamene inzakeyo inkaima?

Spitfire Mk IX, itadzaza mafuta ndi zipolopolo, inkalemera makilogalamu pafupifupi 3,400. M'mphuno mwake munali Rolls-Royce Merlin, injini ya masilinda 12 ndi malita 27, yolemera makilogalamu opitirira 700, osawerengera pulopela. Ndiye kuti gawo loposa limodzi mwa magawo asanu a ndege yonse linali chitsulo chimodzi chokhala kutsogolo kwenikweni. R. J. Mitchell ndi anzake a ku Supermarine, amene Spitfire yawo yoyamba inanyamuka pa Eastleigh pa 5 March 1936, anaika phiko pamene analiika chifukwa cha injini ya mtundu umenewo. Mphuno ndi yaifupi, mchira wautali, popeza injini inali yolemera mokwanira kulipira mchirawo. Yanga inkalemera makilogalamu 12, ndipo injini yake ya ma cc 55, pamodzi ndi ekizozi ndi zoyatsira pulagi, sinkafika makilogalamu 2. Ndinakopera mphuno yaifupi, koma sindinakopere chimene chinaichititsa kukhala yaifupi.

Ndiyeno pali nkhani ya mtunda. Kuchokera pa CG kukafika kumchira n'kotalika katatu kapena kanayi kuposa kukafika pamene mtovu ungakhale. Choncho galamu iliyonse ya kumchira imabwezedwa ndi magalamu atatu kapena anayi kumphuno. Guluu amene munapaka mowolowa manja, utoto wachiwiri umene munathira kuti pawale, katayala kachitsulo kakumbuyo kamene munakasankha chifukwa chokongola, zonsezi ndi ngongole ya katapila, ndipo tsiku lobweza ndi usiku umene mwaigoneka chagada. Omanga Sopwith Camel ya nkhondo yoyamba ya padziko lonse amalira kuposa ife, chifukwa mphuno ya imeneyo ili ngati palibe: injini, mfuti, woyendetsa ndi mafuta zinaunjikana kutsogolo m'mamita awiri okha.

Loweruka lake ndinapita kubwalo nkhope ili yakugwa. Kumeneko kuli mdala wina wa zaka zopitirira 70 amene anakonza makina m'fakitale moyo wake wonse, zala zake zili ndi zipsera ngati chikuni chakale. Ndinawafotokozera zonse.

"Achikulire, ndiye ndiikedi kilogalamu ya mtovu?"

Anandifunsa injini imene ndinagula, pamene ndinaika mabatire, ndi zimene zili kumchira. Atamva, anapukuta manja pansanza n'kunena kuti, "Ngati ndege ikupempha katundu kumphuno, ipatseni katundu wogwira ntchito. Mtovu sutembenuza pulopela. Muuike pomaliza, zina zonse zitakanika."

Apa m'pamene kusankha injini kumasiya kukhala nkhani ya mphamvu yokha. Wogula koyamba amayang'ana manambala awiri: mphamvu zichuluke, kulemera kuchepe. Pa ndege zochita masewera ogubuduka mumlengalenga nzeru imeneyo ndi yoona, ndipo injini zopepuka monga DA-50 ya Desert Aircraft ya ku Tucson, Arizona, kapena za DLE za ku China, zinatchuka nayo. Koma pa ndege ya nkhondo ya mphuno yaifupi, injini yachikale yolemera monga Zenoah G62 ya ku Japan, imene imadzipangira yokha moto wa pulagi ndi magineto popanda batire, imasanduka dalitso. Chimene ena amachiona ngati chilema chake n'chimene ndegeyo ikupempha. Injini za petulo zoterezi zinachokera kumakina ochekera mitengo ndi otchetchera udzu. M'zaka za m'ma 1970, pamene anthu anayamba kumanga ndege zazikulu chotere, ankatenga injini za macheka n'kuzimangirira pulopela. Zina mpaka lero zimalira ngati munthu akugwetsa bulugamu.

Kenako pali nkhani ya malo. Corsair ndi P-47 Thunderbolt zinali ndi Pratt & Whitney R-2800, masilinda 18 oikidwa mozungulira m'mizere iwiri, choncho mphuno zawo n'zotakata ngati kukamwa kwa mbiya. Mmenemo mumalowa chilichonse, ngakhale injini ya masilinda asanu ya Moki ya ku Hungary, ya ma cc 250, kapena ya masilinda atatu ya Saito, zimene zikangolira anthu pabwalo amasiya tiyi n'kutembenuka. Spitfire ndi Mustang zinali ndi injini yaitali yoziziritsidwa ndi madzi, choncho mphuno zawo n'zowonda. Injini yathu ya silinda imodzi imaziziritsidwa ndi mphepo, ndipo mutu wake wa zipsepse sukwana mmenemo. Mwina mucheke chivundikiro kunsi kuti mutu usuzumire kunja, n'kuwononga mzere wokongola umene munauvutikira. Kapena muubise mkati n'kuyamba kulimbana ndi kutentha. Mphepo ndi yaulesi, imadutsa posavuta. Muyenera kuitsekera ndi timatabwa kuti ipyole m'zipsepse momwemo, ndipo potulukira pakhale pakulu kawiri kapena katatu kuposa polowera. Injini yotentha sipereka chenjezo. Imangoti zii, kawirikawiri ndege itangonyamuka kumene, mphuno ili m'mwamba, kunsi kuli mpanda wa minda.

Ine ndili kumbali ya ocheka. Ndimawalemekeza kwambiri amene amabisa zonse mkati, ndipo ntchito yawo ndimaiyang'ana mosirira, koma yanga ndinaicheka. Bala limenelo lili kunsi, ndipo ndege ikamadutsa silioneka.

Kuchulutsa mphamvu nako kuli ndi msampha wake. Pulopela yaikulu ikamazungulira mbali imodzi, ndege imafuna kupotokera mbali inayo. Spitfire ili ndi miyendo yoyandikana. Mukatsegula mafuta onse mwadzidzidzi isanathamange, imakhotera kumanzere, phiko n'kukanda udzu. Ndipo ngakhale itanyamuka bwino, ndege yaing'ono kasanu ikamathamanga mopyola muyeso imaoneka ngati mavu, ulemu wonse wa Spitfire n'kutha. Maso amayesa liwiro ndi utali wa thupi. Mphamvu zosungira n'zabwino, monga ufa wosungira alendo, koma woyendetsa wanzeru nthawi zambiri amauluka ndi theka lokha.

Chimene chimanditonthoza n'chakuti akatswiri a ndege zenizeni analimbana ndi kachizindikiro komweka, iwo miyoyo ya anthu ili pamzere. P-51 Mustang itafunika kuperekeza ndege zoponya mabomba mpaka ku Berlin, anaiwonjezera thanki ya malita opitirira 320 kumbuyo kwa mpando. Thankiyo ikadzaza, ndege inkakhala ngati njinga yanga ija, ndipo oyendetsa ankauzidwa kuti ayambe aphungula mafuta amenewo asanakumane ndi adani. Bell P-39 Airacobra inali ndi injini kumbuyo kwa woyendetsa ndi mfuti yaikulu ya mamilimita 37 m'mphuno. Zipolopolo zikatha, mphuno inkapepuka, ndipo ndegeyo inali ndi mbiri yolowa m'kamvulumvulu wovuta kutulukamo. Spitfire nayo inakula. Mitchell anamwalira mu 1937 ali ndi zaka 42, ndipo Joseph Smith, amene anatenga malo ake, anapitiriza kuisintha mpaka kuikamo injini ya Griffon ya malita pafupifupi 37. Mphuno inatalika, pulopela ya Mk XIV inakhala ya masamba asanu, chipsepse cha kumchira anachikulitsa, ndipo popeza Griffon imazungulira mosemphana ndi Merlin, ndege inayamba kukhotera kumanja ponyamuka m'malo mwa kumanzere. Palibe chimene mungasinthe kumphuno mchira osamva.

Pansi, Spitfire inali yokonda kugwa chamutu, choncho kukakhala mphepo munthu ankakhala pamchira pamene ikupita koyambira. Mu 1945 pa bwalo la Hibaldstow, mayi wina wogwira ntchito pandege, Margaret Horton, anali asanatsike pamene woyendetsa ananyamuka. Anakangamira chipsepse cha kumchira, ndege inazungulira bwalo movutikira, ndipo anatera onse amoyo. Ndegeyo, AB910, inadzakhala m'gulu la Battle of Britain Memorial Flight. Ndikaiganizira nkhani imeneyi manja amandizizira, chifukwa ndikudziwa zimene magalamu 100 okha amachita akakhala kumeneko.

Ndikudziwa chifukwa ndinaona. Spitfire iyi siyoyamba. Zaka zingapo m'mbuyomo ndinamanga ndege yocheperapo ya nkhondo yomweyo, ndipo inapempha magalamu 300. Ndinaika 100. Ndinadziuza kuti pulani imakokomeza, kuti kulemera ndi mdani wa kuuluka, kuti zala zanga zidzakonza zotsalazo. Inanyamuka isanathamange mokwanira, mphuno inaloza kumitambo, ndinaitsitsa, inadumphira pansi, ndinaikweza, inaimanso chilili. Kenako phiko limodzi linagwa. Zonse pamodzi sizinathe masekondi 20. Phokoso la balsa ikamathyoka n'laling'ono, ngati munthu waponda dengu louma. Tinayenda m'munda wa tirigu ndi mdala uja, atanyamula thumba lakuda la zinyalala, ndipo sanandifunse kanthu. Ankangotola tizidutswa, ngakhale tating'ono kwambiri, n'kumaika m'thumba mosamala ngati mazira. Pobwerera ndi pamene anandifunsa, mawu ali pansi, kuti ndinaiyesa ili pati. Ndinawauza zoona. Mawu a akuluakulu amakomadi akagonera, koma ine anandikomera nditataya chaka chathunthu cha ntchito.

N'chifukwa chake usiku wa February uja sindinakangane ndi mchira. Ndinadandaula, koma sindinakangane.

Pamene ndakhala ndikumanga ndege zimenezi ndafika pozindikira kuti kukopera chinthu mokhulupirika kumafuna kuti pena muchoke pa chimene mukukoperacho. Ndege mungaichepetse kasanu, koma mpweya simungauchepetse. Utali ukachepa kasanu, bwalo la mapiko limachepa ka 25, ndipo mkati mwa thupi mumachepa ka 125. Mukagawa makilogalamu 3,400 ndi 125 mupeza 27. Spitfire yanga itati ilemere chomwecho, ikanatera ndi liwiro loti palibe udzu ungailandire, ndipo kuno ku Britain ndege yopitirira makilogalamu 25 imayamba yayenderedwa ndi a Large Model Association isanaloledwe kuuluka. Choncho timamanga zopepuka kuposa chilungamo cha masamu. Mpweya nawo, monga anasonyezera Osborne Reynolds ku Manchester mu 1883 poyesa madzi oyenda m'mapaipi, sumayenda mofanana pa chinthu chachikulu chothamanga ndi pa chaching'ono choyenda pang'onopang'ono. Pa phiko laling'ono umasiya msanga kukakamira, makamaka kunsonga. Ndiye timapotoza nsonga za mapiko kuti ziweramire pansi pang'ono, kuti ndege ikafooka iyambe kugwa ndi mphuno osati ndi phiko. Miyendo timaipendeketsera kutsogolo kuti isagwe chamutu pa udzu. Ena amakulitsa mchira mwakachetechete. Oweruza a mipikisano, monga ya F4C, amafanizira ndege ndi zithunzi ndi zojambula, ndipo akaona kusiyana amadula mapointi. Koma mpweya nawo ndi woweruza, ndipo wake mlandu ulibe apilo. Womanga aliyense amaima pakati pa awiriwa n'kusankha amene amukhumudwitse pang'ono.

Zimenezi zimandikumbutsa ife amene tikukhala kutali ndi kwathu. Ndakhalapo pa chinkhoswe m'holo yobwereka kuno. Zonse zinalipo: zitenje zofanana, lichero, khasu, nkhwangwa, nkhuku, nthungululu, ankhoswe a mbali zonse ziwiri atakhala mwaulemu. Kwa woona, chinali chinkhoswe chenicheni, mzere ndi mzere. Koma kumudzi mwambo umenewu uli ndi injini yake yolemera. Nkhoswe amakhala pafupi. Banja likayamba kugwedezeka usiku, m'mawa amakhala atamva, madzulo ali pakhonde. Pali azakhali, pali amalume, pali anthu amene munthu angachite nawo manyazi. Kulemera kumeneko n'kumene kunapatsa mwambo maonekedwe ake. Kuno tinabwera ndi maonekedwe, kulemera kunatsala. Nkhoswe ali mumzinda wina, akugwira ntchito usiku, ndipo banja latsopano lili m'nyumba imene oyandikana nawo sadziwa n'komwe dzina lawo. Mabanja otere ndawaona akunyamuka mokongola, mphuno m'mwamba.

Sindikunena kuti tisiye mwambo, monganso sindinasiye Spitfire chifukwa choti ilibe Merlin. Ndikunena kuti wina ayenera kuwonjezera chimene chikusowacho, ndipo chowonjezeracho sichioneka pazithunzi. Ndi foni ya Lamlungu lililonse yofunsa kuti mwadzuka bwanji kumeneko. Ndi kuyendetsa galimoto maola atatu mvula ikugwa kuti mukangokhala nawo pansi. Pali amayi ndi abambo pakati pathu amene amachita zimenezi chaka ndi chaka, ndipo pa ukwati satchulidwa pa maikolofoni. Munthu akamatamanda ndege pabwalo amatamanda utoto, kulira kwa injini, miyendo yopinda yokha. Sindinamvepo wina akunena kuti mtovu wanu ndi wokongola.

Pali kulemera kwinanso kumene sikelo yanga siyesa, ndipo sindingakhale woona mtima nditakudumpha. Ndege izi sizinapangidwe kuti zisangalatse maso. Spitfire za mtundu woyamba zinkanyamula mfuti 8 m'mapiko, ndipo mtovu umene ine ndikuubisa m'mphuno, m'ndege yeniyeni unali m'zipolopolo. Ambiri mwa oyendetsa anali anyamata ongopitirira kumene zaka 20. Nkhondoyo sinali ya azungu okha: asilikali a King's African Rifles ochokera ku Nyasaland anaponda matope a chigwa cha Kabaw ku Burma mu 1944, m'nyengo ya mvula, chakudya chawo chambiri chikuchita kugwetsedwa ndi ndege. Kwa iwo kulira kwa injini kumwamba sikunali kosangalatsa Loweruka masana. Kunali funso loti ikubwerayo ndi yathu kapena ya adani. Ndikamapaka utoto zizindikiro za pamapiko ndimadzifunsa ngati n'koyenera kusewera ndi chithunzi cha chida chophera anthu. Yankho limene ndili nalo n'lakuti ndimamanga chifukwa cha luso la amene anapanga phiko lija, ndi chifukwa cha amene anakhala pampando uja ali ndi mantha koma n'kunyamukabe. Mabomba oseweretsa amene ena amagwetsa kuti anthu aombe m'manja, ine sindiika. Sindiweruza anzanga, kungoti manja anga amakana. Kachidole ka woyendetsa ndimakapaka utoto pomaliza, ndipo nkhope yake ndimaitenga nthawi yaitali kuposa mmene ikufunikira.

Ndinachita zimene mdala uja ananena. Injini yopepuka ndinaisungira ndege ina, n'kugula yolemera ya ma cc 62 ya magineto. Mabatire ndinawachotsa pansi pa mpando n'kuwamangirira pafupi ndi thabwa la injini. Timakina tokoka zowongolera za kumchira ndinatisunthira kutsogolo, n'kulumikiza ndi tizingwe topepuka. Katayala kachitsulo kaja ndinakachotsa, mtima ukuwawa. Nditaigonekanso chagada, inapempha magalamu 350. Amenewo ndinaipatsa popanda kuchotsera, n'kuwamanga ndi mabawuti awiri pabokosi la injini. Pachivundikiro saikapo mtovu, chifukwa kunjenjemera kwa injini kumamasula timisomali take, ndipo mtovu ukagwa mumlengalenga ndege imasanduka ina pompopompo. Nditamaliza ndinasamba m'manja ndi sopo, pakuti mtovu ndi poizoni.

Tinaiulutsa mu April, udzu utangotchetchedwa, mphepo ikuwomba molunjika ndi bwalo. Mdala uja anaima kumanzere kwanga, manja ali kumbuyo. Ndinatsegula mafuta pang'onopang'ono, ndikuigwira ndi chiwongolero cha kumchira kuti isakhotere kumanzere. Mchira unanyamuka wokha, ndege inathamanga pa matayala awiri mtunda wautali ndithu, kenako pakati pa matayala ndi udzu panaoneka kuwala. Inakwera molemera, mowongoka, ngati ng'ombe yodziwa njira ya kudambo. "Isiyeni," iwo anatero. "Musaithandize." Ndinamasula zala, ndipo inapitiriza yokha. Pokhota mphuno inkafuna kutsika, ndipo potera inabwera mothamanga kuposa mmene ndinkafunira, zizindikiro za ndege yolemera kumphuno. Koma inatera, n'kuima, pulopela ikuzungulirabe. Mawondo anga ankagundana.

Kuyambira pamenepo ndakhala ndikuchotsa mtovu pang'onopang'ono, magalamu 30 pa ulendo, osapitirira. Ndimaikweza, n'kuitembenuza chagada mumlengalenga, n'kuona mmene mphuno ikutsikira. Ikatsika msanga, mtovu udakali wambiri. Ikatsika mofatsa, ndi pomwepo. Ikapanda kutsika, mwapyola, ndipo mubweze zimene munachotsa musanaulukenso. Ndinachotsa kawiri, kachitatu ndinamva kuti yayamba kupepuka pachala, ndipo magalamu 30 omalizawo ndinawabwezera. Lero m'mphuno mwake muli magalamu 290, ndipo yauluka maulendo 41.